Ukawauze za Chifuwacho, Zelipa

Zelipa mwana wanga,

Ndathawira kuno kudimba. Kunyumba ndanena kuti ndikukathirira repu, koma repuyo ndinathirira kale m'mawa. Pakhomo palibe poponda. Amayi ako aang'ono akukazinga nshawa za kamba wako, ana akuthamangitsa tambala uja, ndipo aliyense wobwera akufuna akugwire dzanja kaye usanapite. Munthu wotanganidwa choncho sungamupatule n'kumuuza mawu awiri. Ndiye ndati ndilembe, ukawerenge m'basi mawa mukadutsa Nyimba, anthu atayamba kuodzera.

Nkhani yanga ndi imodzi, ndipo sindizungulira nayo. Ukafika kukampu adzakuyezaninso m'thupi musanayambe maphunziro a usilikali. Dokotala akadzakufunsa ngati uli ndi vuto lililonse, ukawauze za chifuwacho. Ukawauze kuti chidwalire korona chaka chija umabanika kukazizira, umabanika ndi fumbi, ndiponso uli ndi kapampu kabuluu kamene umapopera m'kamwa. Ku Chipata pa kuyeza koyamba unati uli bwinobwino, iwo n'kulemba zomwezo. Kumene ukupitaku usakabwerezenso.

Ndikudziwa zimene ukunena mumtima: atate, nanga bwanji simunalankhule pa Sondo paja? Ukunena zoona. Tinakhala pansi pa mango tonse, amalume ako a Layitoni n'kugamula kuti nkhani ya chifuwa ithere pakhomo pano. Anati ntchito ya unamwino wa asilikali sibwera kawiri, anzako ambiri analembera koma anatenga iwe, ndipo chifuwa chotere chimatha chokha munthu akamathamanga. Anati ulimbe mtima. Ine ndinali pomwepo, ndikukanda pansi ndi kamtengo. Mudzi uno ndinabwera ndi sutukesi imodzi kudzakwatira amayi ako, ndipo ngakhale imvi zadzaza mutu, ndine mkamwini basi. Pa nkhani ya ana a mbumba yawo, mwini mawu ndi malume, mkamwini amangogwedeza mutu. Ndinagwedeza. Sabata yonseyi chakudya sichikundikomera, ndikudzida.

Usaganize kuti sindikunyadira. Tsiku limene uthenga unafika pafoni yako ndinayenda msika wonse wa Sinda popanda chogula, kungofuna kuti wina andifunse za ana. Iwe amene unkalira ukaona nkhuku ikuphedwa, lero namwino, mawa msilikali! Ndikuseka ndekha pano. Koma kunyada kwanga kusakuphe, mwana wanga, ndiponso kwa amalume ako kusakuphe.

Usilikali ndimaudziwa. Ndinathera kumeneko zaka zanga zonse zamphamvu, ndipo zambiri mwa izo ndinali wa zachipatala, wonyamula chikwama cha mankhwala kumbuyo kwa anzanga onyamula mfuti. Chinthu choyamba chimene kampu imaphunzitsa munthu si kuombera ayi, ndi kuchita manyazi ndi matenda. M'mawa uliwonse kumakhala mzere wa odwala. Ukaimapo, anzako podutsa akuthamanga amakufunsa ngati ukupita kusikelo, ndiponso kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Palibe lamulo loletsa kudwala, koma kuseka kumeneko kumaposa lamulo. Udzazimva wekha sabata yoyamba.

Ine ndili mnyamata wongolowa kumene, malungo anandigwira ndipo ndinabisa. Ndinkanjenjemera m'bulangete, m'mawa n'kumanga nsapato ngati wabwinobwino. Tsiku lina pa perete, mkulu wina akuyendera mizere, dziko linazungulira ndipo ndinagwa chafufumimba pa nsapato zake zenizenizo. Dzino lakutsogolo limene umandiseka nalo lija ndinalisiya pamenepo. Ndinatsitsimuka m'chipatala, namwino wachikulire akundikalipira kuti ndikanabwera msanga akanandipatsa mapiritsi chabe, pano akulimbana ndi madiripu. Ukuganiza ndinaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Nkhaniyo ndinaisandutsa nthabwala ya pamowa, ndipo nditakhala sajeni wa zachipatala, ineyo ndi amene ndinkafunsa anyamata a pamzere ngati abwera kusikelo. Ndinkati ndikuwalimbitsa.

Nkhani ya Yotamu waimvapo kambirimbiri. Amayi ako amati ndimaibwereza ngati wailesi, ndipo inu ana mukangomva dzinalo mumayamba kutuluka mmodzimmodzi. Lero sungatuluke, uli m'basi. Uimvenso, koma ulendo uno uziganiza za iwe mwini.

Korona itavuta, gulu lathu analitumiza kumalire cha ku Vubwi. Ukudziwa mmene kulili kwathu kuja: munthu amalima ku Zambia, kugaya chimanga ku Malawi, maliro n'kukalira ku Mozambique. Ntchito ya anyamata inali kulondera njira zachidule zimene anthu amadutsa ndi njinga, ndipo ntchito yanga inali kuyang'anira anyamatawo kuti asadwale. Chipatala changa chinali tenti imodzi, tebulo, bokosi la mankhwala ndi silinda ya mpweya. Kumapeto kwa kampu, pafupi ndi chulu, tinakhoma tenti ina yogonekamo aliyense wotentha thupi kapena wotsokomola, kuti asapatsire anzake. Anyamata anaitcha kundende. Chakudya cha am'menemo tinkachisiya pamwala, iwo n'kudzatenga ife titachoka.

M'mawa uliwonse onse ankafola, ine n'kumawaloza pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha kaja. Masiku oyamba ndinkagwira awiri atatu. Kenaka ndinangoona kuti kampu yonse yachira, aliyense chipumi chozizira bwino. Ndinakondwa, mpaka ndinauza akuluakulu kuti kuno zinthu zili bwino. Sindinadzifunse chifukwa chake anyamata aulesi posamba aja anayamba kufika pamzere nkhope zili chonyowa. Ankayamba aviika mutu mu diramu ya madzi ozizira kuseri kwa khitchini, n'kuthamangira kwa ine madzi asanaume. Zelipa, ukadzakhala ndi kachipangizo m'manja usadzaleke kuyang'ana munthuyo.

Yotamu anali msilikali wa udindo wa kopolo, mnyamata wamtali, wothamanga kuposa onse, ndipo kwawo kunali kufupi ndi kampuyo, ulendo wa njinga chabe. Amayi ake ankamutumizira chimanga chachiwisi ndi maungu, iye n'kumandigawira chifukwa tinali a dera limodzi. Pa ntchito ankati sajeni, tikakhala awiri ankati amdala. Chaka chimenecho anasankhidwa m'gulu lopita kunja kukasungitsa mtendere. Kwa msilikali wamba ulendo umenewo ndi nyumba ya malata, ndi ng'ombe, ndi sukulu ya ana. Ankangodikira kuitanidwa. Ndipo aliyense ankadziwa kuti wolowa m'tenti ya kuchulu ija, ulendo umamusiya.

Anyamata anali ndi chipatala chawochawo m'khwawa, ine osadziwa. Ankathyola masamba a bulugamu, kuikamo ndimu ndi tsabola, kuwiritsa mumphika, n'kudzifukiza atafunda bulangete, monga anthu ankachitira m'midzi monse nthawi imeneyo. Kufukizako sindikukunyoza, ngakhale amayi ako ankatero. Koma mphika unali umodzi, bulangete limodzi, nthawi yochepa, ndiye ankalowamo mitu itatu inayi nthawi imodzi, wodwala ndi wosadwala yemwe, kupumirana nthunzi maso ali psuu. Amene anapita kukadziteteza ndi amene anakatenga matendawo m'bulangetemo.

Tsiku lina Yotamu anandibweretsera chimanga chootcha, ndipo atawerama kuti achiike patebulo ndinamva fungo la bulugamu pa malaya ake. Anatsokomola kamodzi, chifuwa chouma, n'kutembenukira kumbali. Ndinamufunsa. Anaseka, n'kunena kuti ndi chimfine cha mvula, ndisamuwonongere ulendo chifukwa cha chimfine. Ndinamuyang'ana, iye n'kundiyang'ana. Ndinali ndi mphamvu zonse zomutumiza kuchulu nthawi yomweyo, n'kuitanitsa zomuyezera. Koma ndinaganiza za amayi ake, za malata aja, za chimanga chinali patebulo. Ndinamupatsa mapiritsi a mutu n'kumuuza kuti azimwa madzi ambiri. Ndinkaona ngati ndikumuchitira chifundo mwana wakwathu.

Panadutsa masiku angapo. M'mawa wina, anyamata akukweza nkhuni mulole, Yotamu anangokhala pansi n'kutsamira tayala. Sanagwe ngati ine pa perete paja, anakhala mwaulemu ngati munthu wotopa. Nditafika ndinapeza milomo yake yatuwa, akupuma ngati wathamanga phiri. Ndinamupana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi, ndipo zimene kanaonetsa ndinaganiza kuti kawonongeka. Ndinayesa pa chala changa, kanali bwino. Pamenepo anzake anayamba kuulula zonse, za diramu, za khwawa, zoti wakhala akugona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya sunkalowa. Onse ankadziwa. Onse ankamubisira, chifukwa ankamukonda.

Tinamukweza mulole momwemo, ine ndi silinda yanga, ulendo wa kuchipatala chachikulu ku Chipata. Inali nthawi ya mvula, ndipo msewu wa kumeneko ukuudziwa. Pa dambo lina lole inatitimira mpaka m'mimba. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu ndi nthambi, koma atamva kuti m'katimo muli wa korona anaima patali, ena n'kubwerera. Sindiwaimba mlandu, nthawi ija tonse tinali ndi mantha. Anyamata anakumba okha ndi manja. Ine ndinali kumbuyo, mutu wa Yotamu uli pamiyendo panga, maso anga ali pa kamuvi ka silinda kamene kankatsika pang'onopang'ono. Silindayo tinali titaigwiritsako kale ntchito pa wodwala wina.

Yotamu anakoka chophimba kukamwa chopumira mpweya wa m'silinda kuti alankhule. Ndinaganiza kuti atchula amayi ake kapena mkazi wake. Anati: “Amdala, mukalembe kuti ndi malungo. Ulendo uja asandichotse.”

Ndinamuuza kuti ndikalemba. Lole inatuluka m'matope dzuwa litapendeka, koma Yotamu anali atatisiya kale pa dambo pomwepo. Ndinapitiriza kumugwira mutu mpaka ku Chipata, chifukwa sindinkadziwa pouika.

Ndi ine amene ananditumiza kuperekeza maliro kwawo. Iwe unali kusukulu ya unamwino, unaona mmene maliro a korona ankakhalira, koma kumudzi kunali kowawa koposa. Thupi linakulungidwa m'mapulasitiki, bokosi lokhomeratu. Panalibe kusambitsa, panalibe kugona pasiwa, panalibe kuona nkhope. Kwathu munthu saikidwa abale asanamuone nkhope, ukudziwa. Tinafika ndi lole titavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anthu osadziwa kuti m'kati mwa zovalazo muli ine, munthu wakwawo amene ndinkadya maungu awo. Tinapita molunjika kumanda, achibale ataima kutsidya kwa kanjira.

Amayi ake anali munthu wamfupi, woonda. Anadutsa pakati pa asilikali, palibe amene analimba mtima kuwagwira. Anapempha kuti titsegule pang'ono chabe, aone ngati ndi mwana wawodi. Tinakana, lamulo linali lomwelo. Anagogoda bokosilo ndi chala, kenaka anatembenukira kwa ine, chifukwa wina anali atawauza kuti uyu ndiye wa mankhwala.

Anandifunsa kuti: “Inu ndi amene mumawayang'anira anawa? Nanga wangayu sanatsokomoleko n'kamodzi komwe?”

Ndinati: “Anatsokomola, mayi.”

Iwo anati: “Ndiye munamva.”

Sanandinyoze, sanalire mokuwa. Anabwerera kukaima ndi anzawo kutsidya kuja. Ndikanakonda akananditukwana, mwina bwenzi zitandichoka. Pamene ndinapuma ntchito anthu ankati ndatopa ndi yunifomu, koma amayi ako akudziwa kuti chinanditopetsa ndi mawu awiri amenewo.

Mbali imene mwina sunaimvetsere bwino, chifukwa pofika apa mumakhala mutatuluka kale, ndi iyi. Patapita nthawi ndinabwererako kukapepesa maliro mwa chikhalidwe chathu, nditavala zanga. Kuseri kwa nyumba yawo ndinaona uvuni wa njerwa zowotchawotcha, udzu utamera pamwamba. Malume wake wa Yotamu, bambo waulemu kwambiri, anandikhazika pamphasa n'kundiuza akulira kuti mnyamatayo anaimba foni kunena kuti sakumva bwino m'chifuwa, akuganiza zokadzipereka kwa sajeni. Iwo anamuuza kuti alimbe mtima, njerwa zaumbidwa kale, mudzi wonse wamva za ulendowo, chifuwa chimatha chokha. Sanali munthu woipa, Zelipa. Ankafunira mphwake zabwino. Tinakhala pamphasapo amuna awiri amene tinamufunira zabwino, tikuyang'ana njerwa.

Ndiye pa Sondo paja, amalume ako atati ulimbe mtima, chifuwa chimatha chokha, ndinakumbuka malume wake wa Yotamu. Mawu omwewo, ndipo ngakhale kakhalidwe kawo kanali komweko. Ndinatsegula pakamwa, n'kukumbuka kuti ndine mkamwini, n'kutsekanso. Kachiwiri m'moyo wanga ndinamva munthu akutsokomola n'kumupatsa ulemu m'malo mwa chithandizo.

Pakuti ndimakumva, mwana wanga. Umaganiza kuti sindidziwa? M'mawa ukamasesa pabwalo umaima pakati, dzanja pachifuwa, n'kunamizira kuyang'ana nkhuku. Tsiku lija tinkatentha mapesi a thonje unazemba n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamva kapampu kakulira kawiri. Mwezi wa chisanu kupuma kwako kumaimba kaluzu mpaka ndimamva ndili pakhonde. Matendawa unawatenga ukusamalira odwala korona uli mwana wasukulu, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Chamanyazi n'chakuti tonse pakhomo pano timamva, ndipo tonse tagwirizana kukhala ngati ogontha.

Amalume ako sanalowepo m'kampu. Amaganiza kuti kuthamanga kwake ndi kuja kwa ana asukulu pabwalo la mpira. Ine ndikuuze. Adzakudzutsani kunja kusanayere, m'nyengo yozizira ino, n'kukuthamangitsani ndi katundu kumsana. Mudzakwawa m'fumbi chamimba, mudzawoloka mtsinje madzi ali m'khosi, mudzagona kuthengo zovala zili zonyowa. Sadzati uyu ndi namwino timuchitire chifundo, poyamba aliyense ndi msilikali. Ukadzayamba kubanika ukudziwa zimene adzaganize? Adzati ndi ulesi, adzakufunsa za sikelo, adzakuwonjezera mtunda. Sadzatero chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa pepala lako lidzakhala likunena kuti ulibe vuto. Ine ndinali mmodzi wa anthu amenewo, ndikudziwa mmene timaganizira.

Ndipo kapampu kobisa sikathandiza munthu. Katundu wanu adzamusecha, m'matumba mwa yunifomu simuloledwa kanthu kosadziwika. Kadzakhala kali kogona uko, iwe uli kuthengo kutali, mpweya ukukana kulowa. Mnzako wa pambali pako sadzadziwa choti achite, chifukwa sunamuuze. Kapena udzamuuza mwachinsinsi, iye n'kumakubisira chifukwa chokukonda, monga anzake a Yotamu. Usamusenzetse mwana wa eni katundu wotero, ndaona mmene amalemerera.

Ukawauze za chifuwacho, Zelipa. Ukanene tsiku loyamba lomwelo, kwa dokotala, usanavale nsapato zawo.

Sindikunamiza kuti zikakuyendera bwino. Mwina akakuyeza n'kuona kuti n'chaching'ono, n'kukusunga akudziwa mmene angakusamalire. Mwina akakubweza. Ndikuganiza kuti kubweza n'kumene kuli pafupi, ndipo akhoza kukukalipira chifukwa cha zimene unanena ku Chipata. Malamulo asintha chichokere ine, sindingalonjeze kanthu. Ndikudziwa anthu angapo kumeneko amene ndikanawaimbira foni n'kuwauza ndekha, ndipo ndagwira foniyo kangapo sabata ino. Ndaibweza m'thumba. Ndiwe munthu wamkulu, namwino wophunzira kuposa ine, ndipo chifuwacho ndi chako. Ndikakuneneza ndekha udzandida moyo wako wonse, n'kukayesanso kwina mobisa. Pakamwa pake pakhale pako.

Akakakusunga, pali zina zimene ndikanakonda wina akanandiuza ine. Msilikali sabwera kwa iwe kudzanena kuti akudwala, amabwera kudzapempha mapiritsi a mnzake. Umuyang'ane ameneyo. Uzinunkhiza malaya, uziona amene wasiya kudya, amene wasiya nthabwala, amene wasamba nkhope pa nthawi yosasamba. Munthu akaima pamzere wa odwala usamuseke, ngakhale anzako onse akuseka, ngakhale ukuona kuti akunamizira. Bola akunamize khumi aulesi kusiyana n'kuti mmodzi wodwaladi aope kubwera. Mliri wina ukadzabwera, ndipo udzabwera, tenti ya kumapeto usadzaisandutse ndende. Ine ndinkalankhula ndi odwala am'menemo nditaima pamwala paja, mofuula, ngati ndikuitana ng'ombe. Mmodzi atachira anandiuza kuti chinkamuwawa si chifuwa, koma kuti panalibe womutchula dzina. Ndikanavala zodzitetezera n'kumakhala nawo pang'ono tsiku lililonse, anyamata sakanaiopa tentiyo chomwecho, mwina Yotamu akanalowamo yekha. Ndipo wakwanu usamuchitire chifundo cha mtundu wanga uja. Amene amakugawira chimanga ndiye woyamba kumuyeza.

Koma zonsezi udzazichita bwanji iwe mwini ukubisa? Udzamuyang'ana bwanji m'maso mnyamata wonunkha bulugamu n'kumuuza kuti anene zoona, kapampu kako kali kobisika m'katsamiro?

Eya, za katsamiroko ndikudziwa. Dzulo masana ndinapeza amayi ako m'chipinda akusokerera kapampuko m'kati mwa katsamiro kako ka paulendo, monga anawalangizira achimwene awo. Ankasoka akulira, misozi ikugwera pa ulusi. Nditawafunsa anandiyankha m'Chinsenga, ndipo ukudziwa kuti amayi ako akatembenukira ku Chinsenga ndiye kuti zafika pamtima. Anati iwo ali pakati, uku mlongo wawo, uku mwana wawo, ndiwasiye. Lero m'mawa, iwe utapita kukatsanzika kwa abusa, ndinalowa n'kutenga katsamiroko. Ndinkalimbana ndi ulusi ndi mano anga otsalawa pamene amayi ako analowa. Anaima, kundiyang'ana, n'kutuluka. Ndinati basi, akukaitana a Layitoni. Anabwerera ndi lezala n'kundipatsa. Ndiye usaganize kuti kalatayi ndi ya ine ndekha.

Kapampuko kali m'thumba la pamwamba la chikwama chako, lija la zipi, pamodzi ndi mapepala ako a sukulu. Wosecha aliyense adzayamba kuona komweko. Ukhoza kukachotsa basi isanafike ku Lusaka n'kukabisanso, manja ndi ako, ine sindidzakhalapo. Ndikungokupempha, ine atate ako, kuti ukasiye pamene kali.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ndipo si dokotala. Ukuopa kutsika basi pa Sinda ndi chikwama chomwecho, tambala atadyedwa kale, amayi a kumpingo atakuimbira kale nyimbo. Ukuopa atsikana a pachitsime, ukuopa nkhope ya amalume ako. Anthu adzalankhula, sindikana. Adzalankhula mpaka wina atabereka mwana wopanda bambo kapena ng'ombe ya wina italowa m'munda wa mnzake, n'kuiwala za iwe. Pepala lako la unamwino palibe amene adzakulande, ndipo odwala ku Sinda kuno, ku Katete, ngakhale kwathu ku Vubwi, sadzatha. Za amalume ako usadere nkhawa. Mawa basi yako ikangonyamuka ndikupita kunyumba kwawo, ndikakhala pansi mwaulemu, ndikavula chipewa, n'kuwauza zonse zimene ndalemba muno ndi zimene ndachita ndi lezala. Mlandu ukhale wanga iwe usanabwere. Akafuna kundikumbutsa kuti ndine mkamwini andikumbutse, akafuna ndinyamule sutukesi yanga ija, njira ya kwathu ndikuidziwa. Ndinayenera kulankhula pa Sondo, ndachedwa, koma ulendo uno sindinachedwe ngati kale.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndikumva akundiitana kuti ndikadalitse chakudya. Ndikaima pamenepo n'kupemphera mawu abwinobwino, iwe n'kumaganiza kuti mdalayu alibe nkhawa. Nsapato zatsopano uzivala ndi masokosi awiri, mapazi uziwaumitsa bwino pakati pa zala. Nshawazo ugawireko amene wakhala naye pampando.

Ukawauze za chifuwacho. Akakubweza, undiimbire uli pa Petauke. Udzandipeza pa siteji nditavala jekete langa la kutchalitchi, ndidzakusenzera chikwama, ndipo polowa m'mudzi ndidzatsogola ine, wofuna kufunsa afunse ine. Ndinaperekezapo kale mwana wa munthu kwawo pa lole ya asilikali, amayi ake n'kukanizidwa kumuona nkhope. Iwe ubwere pa basi, utakhala pampando, amayi ako adzakuone.

Ndine atate ako,
amene ndakumva ukutsokomola.